Kuluka chikwapu cha chikopa: chimene chimachiliritsa chili mkati

Chikwapu chabwino sichifuna mphamvu. Mukangotambasula mkono ngati mukulozera munthu njira, chokha chimayenda, n'kulira kuti thwaa! Choipa mumachita kulimbana nacho mpaka phewa kuwawa, ndipo chikati chilire chimangoti phwa ngati nsalu yonyowa. Ziwirizi zikhoza kuchokera pa chikopa chimodzi, kunja n'kuoneka zolukidwa bwino mofanana. Kusiyana kwake kuli mkati, mmene wogula saonamo, ndipo ndi mmene oluka ambiri amathamangiramo kuti afike msanga pa zokongoletsa.

Mtundu umene ndikufotokoza pano ndi wa abusa a ng'ombe a ku Australia, umene iwo amautcha stockwhip. Uli ndi mtengo wogwirira wa masentimita pafupifupi 50, thupi lolukidwa lolendewera ku mtengowo, mchira wa lamba mmodzi wosaluka, ndi kachingwe ka mphonje kunsonga. Si chikoti ichi. Chikoti chenicheni sichilukidwa, amachisema pa chikopa chokhuthala cha mvuu, ndipo ntchito yake ndi kumenya. Si bullwhip ya ku America, imene chogwirira chake chachifupi chimalukidwira limodzi ndi thupi. Cha ku Australia thupi ndi mtengo zimangokolekana ndi timakutu tiwiri ta chikopa, choncho chimapindika momasuka polumikizirapo, ndipo thupi likatha mumalichotsa n'kukolekapo lina. Kwa munthu woyendetsa ngolo kapena wolimitsa ng'ombe, amene anazolowera kale ndodo yomangirira chingwe kunsonga, mtundu umenewu ndi umene sungamuvute m'manja.

Tiyambe ndi chifukwa chake chimalira, poti muyeso uliwonse umene ukubwerawu wachokera pamenepa. Mukaponya chikwapu, pamapangika kupindika kumene kumathamanga kuchoka kokhuthala kupita kowonda. Mphamvu ndi yomweyo, koma chikopa choti iyendetse chikucheperachepera, ndiye liwiro limakwera. Pofika kunsonga limaposa liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo mpweya umaphulika. Kulirako si chikopa kumenya chikopa ayi. Mu 1998 akatswiri a ku Ernst Mach Institute mumzinda wa Freiburg ku Germany anajambula zimenezi ndi makamera othamanga kwambiri, n'kupeza kuti nsonga imafika pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso. Mu 2002 Alain Goriely ndi Tyler McMillen a ku yunivesite ya Arizona anazilongosola ndi masamu. Kwa woluka, tanthauzo lake ndi limodzi basi: kulemera kwa chikwapu kuzichepa pang'onopang'ono popanda podumpha. Paliponse pamene chinthu chathera mwadzidzidzi mkatimo, mphamvu imafera pomwepo, ndipo ndi pomweponso chikwapu chidzathyokere.

Chikopa

Oluka a ku Australia amakonda chikopa cha kangaroo, nyama yakutchire ya kwawoko, chifukwa n'chopyapyala, milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma cholimba modabwitsa, moti amatha kudula malamba a mamilimita 3 n'kuluka 12, 16 kapena kuposa osaduka. Koma zikwapu zogwirira ntchito tsiku ndi tsiku m'makola mwawo zambiri ndi za chikopa cha ng'ombe, chifukwa chimapirira kukhuzidwa pa miyala ndi m'matope. Ndiye musadandaule kuti kangaroo mulibe.

Sankhani chikopa cha ng'ombe yaing'ono ya zaka ziwiri, kapena cha yaikazi yowonda. Cha nkhunzi n'chokhuthala mopitirira, mudzataya tsiku lonse mukuchipala. Chiyang'anitseni padzuwa mbali ya mnofu: pamene mpeni wa wosenda unalowerera, pamenepo lamba adzaduka. Zipsera za waya waminga ndi timabowo ta nkhupakupa n'chimodzimodzi. Chikopa sichilimba mofanana paliponse. Kumsana ndi kumatako n'kolimba ndipo sikutamuka kwambiri. Kumimba ndi m'khwapa n'kofewa, kumatamuka ngati mphira. Kukhosi n'kokhuthala koma kwa makwinya. Ngati ndi ng'ombe ya linunda, malo a linundawo amapanga kathumba kosagona pansi, aduleni n'kuwataya.

Chikopa chongosenda kumene chichotseni mnofu ndi mafuta onse tsiku lomwelo. Pochotsa ubweya, viikani mu malita 40 a madzi osakaniza ndi kilogalamu imodzi ya laimu, kapena m'madzi a phulusa lambiri la nkhuni, muzitakasa m'mawa ndi madzulo. Pakati pa masiku atatu ndi sabata imodzi ubweya umayamba kusosoka mukaukankha ndi chala. Pamenepo chivuuleni msanga, chifukwa chikagonera mu laimu chimafooka. Palani ubweya ndi kumsana kwa mpeni, tsukani masiku awiri mukusintha madzi, ndipo usiku womaliza thiranimo kapu imodzi ya viniga mu malita 20. Laimu wotsalira mkati ndi amene amachititsa chikopa kusweka chikauma. Kenako chitambasuleni ndi zikhomo pamthunzi. Dzuwa la mwezi wa Okutobala limachipsereza, chimasanduka ngati galasi ndipo sichidzafewanso.

Chikauma pang'ono, dulani miyendo, khosi ndi mimba kuti patsale chozungulira ngati dzira. Kuyambira m'mphepete, dulani lamba mmodzi wamtali wa masentimita 5 mulifupi, mukuzungulira kulowera pakati. Pofika mbali yofewa muzikulitsa kufika masentimita 6, poti kumeneko adzatamuka n'kuwonda. Mukufunika mamita osachepera 12 kuti mupeze zonse: zakunja, zamkati ndi zoyeserera.

Kufufuta ndiye ntchito yotopetsa, ndipo njira yabwino ndi yomwe ankagwiritsa ntchito oyendetsa ngolo za ng'ombe a ku South Africa popanga zingwe zawo zachikopa zotchedwa riem. Lamba uja, ali wachinyezi, mumam'pachika mopindapinda pa nthambi yolimba, n'kumangirira mwala wa makilogalamu 30 kapena 40 kumunsi. Mumalowetsa mtengo wautali pamwamba pa mwalawo n'kumazungulira nawo mpaka lamba atapotana, mwala n'kukwera m'mwamba. Mukasolola mtengo, mwala umazungulira wokha kutsika. Mumapotanso chobwerera. Pakatipakati mumapaka mafuta a ng'ombe osungunula, n'kusuntha lamba kuti pamene panali pa nthambi patsike. Ana asayandikire, mwala umenewu ukamazungulira umathyola mwendo. Masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, maola angapo patsiku, chikopa chimayera n'kufewa, ndipo kutamuka konse kumakhala kwatha. Mukhoza kuzemba zonsezi pogula chikopa chofufuta kale ndi makungwa. Cha mankhwala a chrome, chija chimaoneka chobiriwira motuwa mukachidula, chimene amapangira nsapato ndi mipando, chisiyeni: chimatamuka mosalekeza ndipo mluko wake sugwira.

Kudula malamba

Thupi limene tikupanga ndi la masentimita 180, muyeso umene a ku Australia amauona ngati wapakati. Poyeza sawerengera mtengo, mchira kapena mphonje. Lili ndi zigawo zinayi, chimodzi pamwamba pa chinzake. Mayina ake ndingowaika m'Chichewa kuti timvane: mtima, mimba yolukidwa ndi malamba anayi, chofunda chosaluka, ndi mluko wakunja wa malamba asanu ndi atatu.

Pali kawerengedwe kamene oluka amadalira pofuna kudziwa kukula kwa lamba. Yezani kunenepa kwa chinthu chimene mukufuna kuchikuta, chulukitsani ndi 4.5, gawani ndi chiwerengero cha malamba. Ngati zamkati zili mamilimita 15 ponenepa kwambiri, ndiye kuti 15 kuchulukitsa ndi 4.5 ndi 67.5, kugawa ndi 8, lamba aliyense akhale mamilimita 8.5 pamalo amenewo. Pafupi ndi khutu lolumikizira thupi ku mtengo, pamene zamkati zili mamilimita 10, lamba akhale 6. Kunsonga, kumene kwatsala malamba anayi okuta mamilimita 4, akhale 4.5. Mwaona kuti lamba sali wofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira: amayamba wowonda, amanenepa, kenako amawonda pang'onopang'ono. Malamba akachepa, zamkati zimasuzumira m'mipata. Akakula, amakwerana, mluko n'kukhala wa mabampu. N'chifukwa chake malamba akunja amadulidwa zamkati zitatha, osati poyamba. Kutalika kwake, mluko umadya: lamba aliyense akhale kamodzi ndi theka kutalika kwa malo amene akukaluka.

Malamba akunja amachokera pa chidutswa chimodzi cha mamita opitirira pang'ono 5.5. Pakati penipeni siyani masentimita 12 osang'amba, muwachepetse kufika mamilimita 22 mulifupi. Limeneli ndi khutu, limene eni ake amalitcha keeper. Mbali iliyonse ing'ambeni malamba anayi: awiri a masentimita 270, mmodzi wa 205, mmodzi wa 140. Mukapinda pakhutu paja muli ndi malamba asanu ndi atatu ochokera pa chikopa chimodzi, opanda mfundo kapena msoko woti n'kumasuka.

Mpeni ukhale woti n'kumeta ubweya wa pamkono, ndipo mwala wonolera ukhale pambali chifukwa chikopa chimabunthitsa msanga. Kolekani chikopa pa mbedza, chikokeni ndi dzanja lamanzere, chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja chiziyenda m'mphepete ngati muyeso, inu mukubwerera m'mbuyo. Mukadula, kokani lamba aliyense mwamphamvu, mukum'kulunga pa kamtengo kuti asakuchekeni. Woti aduke aduke pano, osati muli pakati poluka. Mukam'koka yezaninso, pamene patsala ponenepa musadze.

Kukhuthala kukhale mamilimita 2 kwa akunja, 1.5 kwa amkati. Makina opalira si ofunika. Semani kangalande kakuya mamilimita 2 pa thabwa lolimba, goneketsani lamba mmenemo mbali ya mnofu ili m'mwamba, tsamiritsani mpeni mopingasa pamwamba pa kangalandeko, n'kukoka lamba. Chotumphukira chonse chimasengeka. Chomaliza, ndipo ambiri amachidumpha, ndi kusenga ngodya ziwiri za mbali ya mnofu mopendeketsa mpeni. Lamba wa ngodya zakuthwa amaima pa mnzake ngati njerwa, pomwe wosenga amagona, m'mphepete mwake n'kumira. Chikwapu chosalala m'manja chimachokera apa, osati pa polishi.

Musanaluke phikani sopo wolukira. Palani magalamu 100 a sopo wolimba wopanda mafungo, musungunule mu mamililita 350 a madzi otentha, onjezani magalamu 450 a mafuta a nkhosa kapena a ng'ombe osungunula ndi kusefa, n'kumatakasa mpaka zitazizira ngati phala lolimba. Mafuta akhale opanda mchere. Sopoyu amathandiza malamba kutsetsereka n'kukhazikika pamalo pake, ndipo mafuta amatsalira mkati kudyetsa chikopa. Oyilo wa galimoto amaoletsa chikopa, mafuta ophikira amanata n'kuyamba kununkha.

Zamkati

Mtima ndi kachidutswa ka chikopa ka masentimita 60, kooneka ngati tsamba la chimanga: mamilimita 8 poyambira, 18 pa sentimita ya 30, kenako kumawonda mpaka kuthera ngati singano. Kapakeni sopo, kapindeni mlitali kuti kakhale kobulungira, mukamange mozungulira ndi ulusi wopaka phula. Kutupa kwa pa sentimita ya 30 kumeneku ndi chizindikiro cha chikwapu cha ku Australia. Kumaika kulemera patsogolo pang'ono pa khutu, choncho thupi limadzikoka lokha mukaponya.

Pamwamba pa mtima lukani malamba anayi. Awiri kumanja, awiri kumanzere. Tengani wapamwamba kumanja, mum'dutsitse kumbuyo, atulukire pakati pa awiri akumanzere, abwerere kumanja. Kenako wapamwamba kumanzere chimodzimodzi. Lukani masentimita 95, ndipo malamba otsalawo musawadule pamodzi. Mmodzi athere pa sentimita ya 105, wina 120, wina 140, womaliza afike kunsonga pa 180, aliyense atasongoledwa. Mimba imeneyi palibe adzaione, koma ilukeni molimba kuposa kunja. Ikakhala yolobodoka, mluko wakunja ngakhale muukoke bwanji, pakatha miyezi iwiri chikwapu chimagwa khosi pafupi ndi khutu ngati nkhuku yodwala chitopa, ndipo palibe mankhwala ake koma kumasula.

Mukatha, gudubuzani. Ikani mimbayo pa simenti yosalala kapena pa thabwa, pamwamba ikani thabwa lina, tsamirani ndi thupi lonse n'kumayendetsa uku ndi uku kuyambira kokhuthala kupita kowonda. Chigawo chilichonse chimagudubuzidwa pachokha. Bampu limene mwalisiya mkati limatulukira kunja litakula.

Chofunda ndi chikopa chopyapyala cha masentimita 125 chokuta mimba yonse. Ntchito yake ndi kudzaza timaenje ta mluko wamkati ndi kusalaza kuwonda kwa thupi. Apa chikopa cha mbuzi chimachita bwino, ngakhalenso cha kumimba kwa ng'ombe chija munachidula poyamba paja. Kuti mupeze muyeso, zungulizani kapepala pa mimba masentimita 10 alionse, lembani, n'kusamutsira pa chikopa. M'mphepete mwake muzingokumana. Mukapitirirana pamakhala mzere wotumphuka ndipo chikwapu chimakhotera mbali imodzi. Mukasiya mpata pamakhala ngalande. Mangani ndi ulusi masentimita 25 oyambirira molimba, kwinako motalikitsa, n'kugudubuzanso. Tsopano pindani chinthucho ngati uta muone. Chizipindika mozungulira bwino. Pakaoneka ngodya, pamenepo pali zinthu ziwiri zothera malo amodzi, konzani musanapitirire.

Mluko wakunja

Kolekani khutu pa mbedza yolimba yofika pachifuwa. Lowetsani mutu wa zamkati pakati pa mbali ziwiri za khutu, mumange ndi ulusi wa phula. Gawani malamba, anayi uku anayi uku, mbali ya ubweya ili kunja, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi aatali awiri, wapakati mmodzi, wamfupi mmodzi.

Tengani wapamwamba kumanja. Mum'koke kaye mwamphamvu, pamenepo ndi pamene mluko umalimbira. Kenako mum'dutsitse kumbuyo kwa zamkati, alowe pansi pa awiri apamwamba akumanzere, adutse pamwamba pa awiri apansi, abwerere kumanja kumene akhale wapansi pa anzake. Pom'goneka musam'koke, ingomuikani pamalo. Adzakokedwa nthawi yake ikafika, atakweranso pamwamba. Oyamba kumene amachita zosemphana: amakoka lamba amene angom'goneka, n'kusiya wapamwamba, ndiye mluko umaoneka wothina kutsogolo koma kumbuyo uli ndi mipata. Chala chachikulu cha dzanja losakoka chizikhala chopanikiza pamphambano nthawi zonse. Mukafuna kupuma, panani pamenepo ndi kachingwe.

Muzikoka ndi thupi, mukutsamira chambuyo, osati ndi mkono wokha, ndipo mphamvu ikhale yofanana mbali zonse. Umboni wake uli pa mizere. Mluko umenewu umatulutsa mizere inayi yooneka ngati minga ya nsomba, ndipo iyenera kutsika mowongoka. Ikayamba kuzungulira thupi, dzanja limodzi likuposa linzake, kawirikawiri lamanja. Chikwapu chotero chimapotoka m'mwamba ndipo chimakonda kubwerera kukhutu kwa mwini wake. Masentimita 10 alionse tembenuzani muone kumbuyo. Lamba wopindika, woonetsa mbali ya mnofu, amabisala kumeneko, ndipo mukam'peza mutapitirira masentimita 40 mudzamasula onsewo. Kumunsi malamba amakolana pamene mukuluka, muziwasolola mmodzimmodzi pafupipafupi.

Pamene thupi likuwonda, malamba asanu ndi atatu amayamba kuthinana, kufuna kukwerana. Imeneyo ndi nthawi yogwetsa, ndipo pa muyeso wathuwu imafika cha pa sentimita ya 75. Lamba wamfupi wakumanja akafika pokhala wapamwamba, musam'luke. Mum'koke, mum'gonetse pansi pamodzi ndi zamkati, anzake am'kwirire. Pitirizani masentimita 6 kapena 8, n'kugwetsa wamfupi wakumanzere. Mukagwetsa onse awiri malo amodzi pamakhala phewa looneka ndi maso. Ogwetsedwawo amasanduka mbali ya mtima, ndiye asongoleni kuti athere pang'onopang'ono, wina patsogolo pa mnzake. Ndi malamba asanu ndi mmodzi, kalukidwe ndi pansi pa awiri, pamwamba pa mmodzi. Cha pa sentimita ya 120 gwetsani awiri apakati mwa njira yomweyo, mutsale ndi anayi: pansi pa mmodzi, pamwamba pa mmodzi, mpaka pa 180. Manambalawa ndi a chikopa cha mamilimita 2. Chanu chikakhala chosiyana, mverani malamba, osati tepi.

Masentimita 30 omaliza ndi amene amavutika kwambiri pa moyo wa chikwapu, komanso ndi pamene woluka amakhala atatopa, zala zitatupa. Ngati mwatopa, gonani, mudzamalize mawa. Kunsongaku malamba asachepere mamilimita 4, ndipo mkati mukhalebe kalamba kamodzi mpaka kumapeto. Nsonga yopanda kanthu mkati imaphwatalala, ikatero imaduka. Thupi lomalizidwa likhale mamilimita pafupifupi 21 potupa paja ndi 6 kapena 7 kunsonga. Ligudubuzeni kawiri.

Mchira, mphonje ndi mtengo

Mchira, umene a ku Australia amati fall, ulipo kuti uzitha m'malo mwa mluko. Ndi umene umakhula pansi, ndipo kuusintha ndi ntchito ya mphindi khumi. Udulidwe kumsana kwa chikopa, wokhuthala mamilimita 3 mpaka 4, wautali masentimita 65, mulifupi kuyambira mamilimita 7 kutsikira ku 3. Sengani ngodya zonse zinayi, muupake mafuta, muukoke kangapo m'kansalu mpaka ukhale wobulungira. Kumutu kwake ng'ambani kabowo ka masentimita 2. Lowetsani nsonga ya thupi m'kabowomo, mukankhire mchira m'mwamba pang'ono kuti ugone motsatana ndi malamba anayi aja. Lamba aliyense amange mfundo imodzi mozungulira mchira ndi anzake onse, wina pansi pa mnzake. Womaliza mum'bweze m'mwamba, alowe m'kabowo kaja, kenako kokani mchira pansi kuti kabowo kam'pane. Mfundo iliyonse ikokeni ndi pulayala. Mchira wolemera kuposa nsonga ya thupi umagwedeza chikwapu pomaliza, wopepuka kwambiri umangouluzika.

Mphonje kale ankapota ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo kapena ulusi wa silika, lero ambiri amagwiritsa ntchito nayiloni kapena twayini womangira udzu. Ulusi wosolola pa thumba la feteleza umagwira ntchito, khonje nayenso amalira bwino ngakhale sachedwa kutha. Tengani timaulusi tinayi kapena tisanu ta masentimita 55, kolekani mbali imodzi pa msomali, potani mpaka titayamba kufuna kudzipinda, gwirani pakati, pindani, n'kusiya kuti tipotane tokha. Mangani mfundo masentimita 5 kuchokera kumapeto, n'kumwaza timaulusi totsalato ngati ngayaye. Kachingwe konse kakhale masentimita 20. Lowetsani nsonga ya mchira m'diso la kachingweko, n'kuimanga mfundo imodzi mozungulira. Chikwapu chikasiya kulira bwino, yambani mwayang'ana mphonje musanakayikire china chilichonse. Ikanyowa kapena ikafupika, phokoso limathawa.

Mtengo wogwirira ukhale wopepuka, wolimba, wotha kuweramira pang'ono n'kubwerera. Ku Australia amagwiritsa ntchito mtundu wina wa rattan, chomera cha tsinde longa nsungwi. Nsungwi yokhwima yopanda bowo mkati, youma bwino, imalowa m'malo mwake. Masentimita 50, mamilimita 22 kogwira, kusongoka kufika 11 kunsonga. Sentimita imodzi kuchokera kunsonga semani kakhosi kosaya mozungulira. Dulani lamba wa masentimita 20 mlitali ndi mamilimita 20 mulifupi, mum'pinde pakati kuti apange khutu lotuluka masentimita 4 kupitirira mtengo, n'kumanga miyendo yake ku mtengowo ndi ulusi wa phula, mizere yothinana, kuyambira pa kakhosi paja kutsika masentimita 5. Kakhosiko ndi kamene kamaletsa khutu kuvuuka. Popanda iko, tsiku lina thupi lonse lidzauluka n'kukagwera pakati pa ng'ombe, inu mutatsala ndi ndodo m'manja. Kogwirako mukhoza kulukirako malamba a mbuzi, n'kuika mfundo yonenepa kumapeto kuti dzanja lisapulumuke. Polumikiza, lowetsani khutu la mtengo m'khutu la thupi, kenako tengani mphonje, mchira ndi thupi lonse muzidutsitse m'khutu la mtengo, n'kukoka.

Chikwapu chatsopano chimakhala chouma khosi, ndipo n'zoyenera. Musachipinde ndi manja kuti chifewe, mungathyole mimba. Chiponyeni pang'onopang'ono pa udzu kwa sabata ziwiri, chimamasuka chokha. Masiku oyambawo valani chipewa ndi magalasi, mphonje ikakupezani m'diso nkhani yake ndi ya kuchipatala. Pa ng'ombe, chizilira pambali kapena kumbuyo kwake. Chinthu chothamanga kuposa phokoso chikakhudza khungu chimang'amba, bala limaitana ntchentche, ndipo ng'ombe yozolowera kumenyedwa imasiya kumvera kulirako.

Mchira muziupaka mafuta sabata iliyonse imene chagwira ntchito, thupi kawiri kapena katatu pachaka, pang'ono pokha. Mafuta akachuluka malamba amafewa n'kutamuka, mluko umamasuka. Chikanyowa ndi mvula chiumitseni pamthunzi, kutali ndi moto, chikauma n'kuchipaka. Pa simenti ndi pa miyala musaliritsirepo. Posunga chipachikeni ndi mtengo, thupi lilendewere, pa waya woti khoswe sangatsikireko, chifukwa fungo la mafuta a nkhosa amalimva ali kutali, ndipo galu naye mukam'siyira pakhonde usiku umodzi mudzapeza mtengo wokha.